Kuimba Billie Jean ndi bandi yanu: yambani ndi ng'oma, zina zidikire

Nyimbo ya Billie Jean ndaiimba pa besi kwa zaka zoposa 15, m'maukwati, m'mahotela ndi m'mapwando otsekera chaka. Pafupifupi bandi iliyonse imene ndakhalamo inkaitenga ngati nyimbo yopumirapo. Makodi ndi ochepa, besi imangobwereza kanthu kamodzi, ng'oma zake ngakhale mwana wa sitandade 5 angaombe. Ndiye anthu saiyeserera. Wa kiyibodi amangoti "F sharp minor, tiyeni," basi yayamba. Nyimbo ikafika pakati mumaona anthu aja anadzuka mothamanga atamva ng'oma zoyambirira akubwerera pamipando mmodzimmodzi. Ndalemba izi kwa oimba anzanga amene zimenezi zimawapweteka ngati mmene zimandipwetekera ine.

Michael Jackson anailemba yekha nyimboyi. Mu 1981 anaijambula koyamba kunyumba, ndipo chojambulacho chinadzatulutsidwa mu 2001 pamene chimbale cha Thriller chinatulukanso ndi zowonjezera. Chisakeni muchimvere musanagwire chida chilichonse. Mawu ambiri anali asanawamalize, malo ena akungong'ung'udza, koma biti ndi besi zinali zitakhala kale m'malo mwake. Mu 1982 nyimboyi inalowa mu situdiyo ya Westlake ku Los Angeles, Quincy Jones akutsogolera ntchito, Bruce Swedien ali pa makina ojambulira. Inatuluka pa Thriller mu Novembala 1982, kenako payokha mu Januwale 1983, ndipo inakhala pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, kwa milungu 7. Mwini wake anayamba ndi biti ndi besi, zina zonse zinabwera pambuyo. Inunso muiphunzire motsata ndondomeko yomweyo.

Ng'oma

Liwiro lake ndi mabiti 117 pa mphindi. Tsegulani metronome, kachida kogunda biti mosasintha liwiro, pa foni, muiike pa 117, muilumikize ku sipika kuti aliyense m'chipindamo aziimva. Kuwerenga 1, 2, 3, 4 kamodzi ndiye bar imodzi. Kick, ng'oma yaikulu yoomba ndi phazi, ikugwa pa 1 ndi pa 3, snare, kang'oma kolira mothetheka, pa 2 ndi pa 4, hi-hat, timbale tiwiri tovundikirana, yotseka ikuyenda kawiri pa biti iliyonse. Zonse ndi zomwezo, kuyambira poyamba mpaka nyimbo kutha, mphindi pafupifupi zisanu.

Anaomba ng'omazi ndi Leon Chancler, amene ankadziwika ndi dzina la Chiswahili loti Ndugu. Anali katswiri wa jazz woti akanafuna akanadzaza bar iliyonse ndi zokometsera. Mverani nyimbo yonse mukutsata ng'oma zokha: simumva timitengo tikugubuduzika pa ma tom, ng'oma zina zija za pa seti, ngati mmene timachitira tikamalowa mu kolasi. Munthuyo wagwira biti ngati wagwira khasu, ndipo sakuyang'ana kumbali.

Apa ndi pamene mabandi athu amagwera, ndipo ine ndinazionera pafupi. Tinali ndi mnyamata wa ng'oma waluso kwambiri, wokulira mu kwaya ya kutchalitchi, kumene mzere uliwonse ukatha wa ng'oma amayankha ndi kugubuduza. Pa ukwati wina ku Zomba tinayamba bwino. Holo inadzaza, azimayi a zitenje zofanana anasiya mbale za mpunga n'kubwera kutsogolo. Pa bar yachinayi mnyamata uja anagubuduza. Pa yachisanu ndi chitatu anagubuduzanso, n'kumenya chimbale cha crash. Akagubuduza ankabwerera atathamangako pang'ono, ndipo pofika pa kolasi yachiwiri zala zanga zinali zikuthamangitsa biti imene inandisiya kalekale. Ndinaona mayi wina wachikulire ataima pakati pa holo, phewa likufunafuna pogwera, kenako anangotola chikwama chake n'kukakhala pansi.

Lachiwiri lotsatira, mu galaja momwe tinkayeserera, mkulu wa bandi anamasula ma tom onse ndi crash n'kukaziika panja pafupi ndi mpopi. Anamusiyira kick, snare ndi hi-hat. Mnyamatayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, ndiye ndiziomba chiyani?" Ndinamuuza kuti aombe zomwe zatsalazo kwa mphindi zisanu osasintha kanthu. Ulendo woyamba analephera pa mphindi yachiwiri, dzanja linapita lokha pamene panali tom n'kumenya mphepo. Patatha milungu iwiri anali akuigwira mpaka kumapeto, thukuta lili kamukamu, ndipo anavomera yekha kuti nyimbo imeneyi imatopetsa kuposa zonse zimene ankaomba.

Chitani chimodzimodzi ndi wa ng'oma wanu. Mukamayeserera muzizimitsa metronome kwa ma bar 8 n'kuiyatsanso, muone ngati akadali pamodzi nayo. Ambiri amapezeka atatsogola.

Kamvekedwe ka ng'omazo nakonso kali ndi nkhani yake. Quincy Jones anauza Swedien kuti akufuna ng'oma zoti munthu akangozimva azidziwa nyimbo. Swedien anakhometsa nsanja ya matabwa yoikapo ng'oma, anasoketsa chophimba cha kick chokhala ndi kabowo kolowetsera mayikolofoni, ndipo anaika kathabwa pakati pa snare ndi hi-hat kuti phokoso la chimodzi lisalowe mu mayikolofoni ya chinzake. Cholinga chinali ng'oma zouma, zomveka pafupi, zosalira nthawi yaitali. Inu mungafikeko ndi zinthu za m'nyumba. Pindani bulangete muliike m'kati mwa kick likhudze chikopa. Pa snare ikani kachikwama ka ndalama m'mphepete kapena matani kansalu ndi tepi, mumenye mumve: ikamati "ta" n'kuleka pomwepo, mwapeza. Ikamati "taang'" wonjezerani kansalu. Uzani wa pa mikisa achepetse reverb, kubwereza kwa mawu kuja, pa ng'oma, makamaka mu holo ya malata imene imabweza mawu payokha.

Pa bar yachitatu, pamodzi ndi besi, pamalowa kachisekese kakuyenda ndi hi-hat. Musakanyoze. Mupatseni mmodzi wa oyankha nyimbo, koma akhale woti dzanja lake silitopa msanga, chifukwa kakaleka pakati aliyense amamva kuti china chake chasowa ngakhale sangatchule kuti n'chiyani.

Besi

Manoti ake ndi 8 pa bar iliyonse, onse otalika mofanana: F#, C#, E, F#, E, C#, B, C#. Pa besi ya zingwe zinayi yambani pa fret 4 (malo odina achinayi pa khosi la besi) ya chingwe cha D, tsikirani pa fret 4 ya chingwe cha A, bwererani pa fret 2 ya D, kenako 4, kenako 2, mupite pa A fret 4, fret 2, fret 4. Dzanja lamanzere silisuntha pamalo. Chala cholozera chikhale pa fret 2, chala cha mphete kapena chaching'ono pa fret 4. Nyimbo ikapita pa B minor, mu vesi ndi mu kolasi momwe, nyamulani kaumbidwe komweko mukaike pa zingwe za G ndi D: B, F#, A, B, A, F#, E, F#. Mumakhalako ma bar awiri n'kubwerera kwanu.

Kuphunzira manotiwo n'kwa mphindi khumi. Ntchito yeniyeni ili pa kutalika kwa noti iliyonse. Ikhale yaifupi, koma osati yodukaduka ngati nkhuku ikujompha chimanga. Mukadina noti, masulani chala pang'ono yotsatira isanafike, chala chisachoke pa chingwe, kuti pakati pa manoti awiri pakhale kampata kakang'ono ka chete. Kampata kameneko ndi kamene kamayendetsa mapewa a anthu. Noti yoyamba ndi yachinayi, ma F# awiri aja, muziwalemeretsa pang'ono. Mukamvetsera ndi mahedifoni mudzapeza kuti pa chimbale penipenipo ndi pamene pansi pamakhuthala, chifukwa synthesizer ikuthandizira besi.

Anaimba besi ndi Louis Johnson wa gulu la The Brothers Johnson, munthu amene dziko linkamudziwa chifukwa chomenya zingwe ndi chala chachikulu. Mu nyimboyi simumva kumenya kumeneko. Anayesa mabesi ake angapo mpaka Jackson anasankha ya Yamaha, n'kuimba manoti 8 aja mobwerezabwereza. Ine nkhani imeneyi imandigwira mtima kuposa zina zonse, chifukwa ndimadziwa mmene chala chimayabwira ukakhala kuti ungathe zambiri koma nyimbo ikufuna zochepa.

Mukawerengera, nyimbo yonse ili ndi manoti a besi pafupifupi 1,000. Dzanja lamanja lizisinthanitsa zala ziwiri mosadumphitsa, ndipo musamakoke zingwe mwamphamvu. Kwezani ampu, zala zigwire mopepuka. Mukayamba ndi mphamvu zonse, pofika pa kolasi yomaliza mkono umauma ndipo manoti amayamba kuchedwa. Wa ng'oma ndi wa besi akumane awiriwiri kawiri kapena katatu bandi yonse isanabwere. Akhale moyang'anana, wa besi aziona phazi la mnzake pa kick.

Mawu a woimba amalowa patatha masekondi 29: ma bar awiri a ng'oma zokha, 8 a ng'oma ndi besi, anayi kiyibodi italowa. Quincy Jones ankaona kuti chiyambi chimenechi chatalika ndipo ankafuna kuchidula. Jackson anakana, ati ndi chimene chimamupangitsa kufuna kuvina. Jones ankafunanso kusintha mutu wa nyimbo poopa kuti anthu aziganiza za Billie Jean King, katswiri wa tenesi, koma apanso mwini nyimbo sanalole. Musadule chiyambicho. Pa ukwati mungachitalikitse kumene, chifukwa anthu amafunika nthawi yoti asunthe mipando, avule majekete, afike pabwalo. Ine ndimauza woimba wathu kuti asatsegule pakamwa mpaka ataona kuti kutsogolo kwadzaza.

Kiyibodi, ndi noti imodzi imene ambiri amaiphonya

Makodi ndi anayi mu ma bar awiri: F# minor, G# minor, A, kubwerera pa G# minor, besi ili pa F# nthawi yonseyo. Dzanja lamanja lokha: F#-A-C#, kenako G#-B-D#, kenako A-C#-E, n'kutsikanso. Kodi yoyamba igwe pa 1, yachiwiri pakati pa 2 ndi 3, pamene besi ikugunda F# yachiwiri ija. Bar yotsatira chimodzimodzi. Dinani n'kuchotsa, phazi litalikirane ndi sustain, chopondera chotalikitsa mawu.

Yang'anitsitsani D# ameneyo. Kiyi ya F# minor mwachizolowezi imakhala ndi D wamba, ndiye wa kiyibodi wophunzira ndi khutu nthawi zambiri amadina D, kodi n'kumveka yowawasa, kapena amaidumpha n'kuika E major m'malo mwake. Zonse ziwiri zimachotsa kanthu kamene kamapangitsa makodiwa kumveka ngati mapazi a munthu akukutsatira usiku, akwere masitepe awiri, atsike imodzi. Muimbireni njira zonse zitatu motsatizana, adzamva yekha kusiyana.

Dzanja lamanzere likhale pa bondo. Ndikudziwa kuti kwa munthu wozolowera kutsogolera nyimbo kutchalitchi, kumene kiyibodi imanyamula besi, makodi ndi zokometsera zonse pamodzi, izi n'zovuta. Koma pansi pali kale mwini wake, ndipo manja awiri akalowa mmenemo besi imasanduka phala. Chimodzi chokha chimene dzanja lamanzere lingachite ndi kugunda F# wapansi, waufupi, pa noti yoyamba ndi yachinayi ya besi, ngati wa besi wavomera.

Pa chimbale makodiwa anaimbidwa ndi Bill Wolfer pa Yamaha CS-80, chida cholemera chimene ambiri a ife sitidzachigwira. Pa kiyibodi wamba sankhani strings, mawu onga a mavayolini, zimene zimalira msanga mukangodina, muphatikizepo choir pang'ono pansi pake ngati kiyibodi yanu imalola kusanjikiza. Zija zofewa zimene zimayamba mwakachetechete n'kumakula sizigwira ntchito pano, chifukwa pofika pomveka nthawi ya kodi yadutsa kale.

Kagawo ka pakati pa vesi ndi kolasi

Ma bar 8 amenewa ndiwo malo okhawo amene nyimbo imachoka panjira yake. Makodi amasinthana bar imodzi imodzi: D, F# minor, D, F# minor, D, F# minor, D, kenako C#7. D wamba amene tinamukana uja tsopano walowa, ndipo mumamva ngati mtambo waphimba dzuwa. Besi imasiya kuyenda kwake kuja n'kutsata mizu ya makodi momasuka, kiyibodi imatha kugwira makodi motalika. Ng'oma zokha ndi zimene sizisintha. Pa C#7 onetsetsani kuti muli F, amene m'mabuku amalembedwa E#. Noti imeneyo ndi imene imakoka khutu kubwerera pa F# minor.

Kolasi ikafika, ilibe kodi yatsopano ngakhale imodzi. Ndi besi yomwe ija, makodi omwe aja a mu vesi. Imamveka yaikulu chifukwa kuyenda kwa besi kuja kunasowa kwa ma bar 8 ndipo kwabwerera, komanso chifukwa mawu oyankha awonjezeka pamwamba. Tanthauzo lake kwa bandi ndi lakuti mukatulutsa zonse mu vesi loyamba, kolasi ilibe kokwera. Gawanani pasadakhale kuti ndani akulowa liti, mulembe papepala, mulimate pansi pafupi ndi mapazi a aliyense.

Gitala imalowa mu dongosolo lomwelo. Chiyambi chonse chilibe gitala. David Williams, amene anaiimba, anagwiritsa ntchito mawu oyera opanda distortion, manoti aafupi otsekedwa ndi chikhatho, ndipo solo yake ya kumapeto kwa kolasi yachiwiri ndi kachidutswa kamodzi kobwerezedwa, kogunda ngati ng'oma. Anzathu okulira pa rumba ndi sungura zala zawo zimafuna kuyenda kuyambira bar yoyamba mpaka yomaliza, ndipo m'nyimbo zimenezo ndi momwe ziyenera kukhalira. Muno auzeni mwaulemu kuti adikire. Solo ija aiphunzire monga ilili, chifukwa anthu amaidziwa pamtima ndipo ena amaiimba ndi pakamwa. Strings anazikonza Jerry Hey. Ngati muli ndi kiyibodi yachiwiri, itenge timizere tija totsika mofulumira, ndipo pamene palibe kamzere ingokhala chete.

Woimba

Nyimboyi ikunena za mwamuna amene mkazi wina akumuloza kuti ndiye bambo wa mwana wake, iye akukana, koma mukamvetsera bwino mumaona kuti mtima wake suli m'malo. Jackson ananena kuti panalibe mkazi mmodzi weniweni wa dzina limenelo, nkhaniyo inachokera pa atsikana amene ankatsatira iye ndi abale ake m'maulendo oimba. Woimba wanu adziwe zimenezi. Ndaonapo anyamata akuiimba akumwetulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngati nyimbo yofunsira mbeta. Vesi liyambe motsika, mawu atapanikizika, ngati munthu akufotokozera mnzake mlandu pakona ena asamve. Kukuwa kusungidwire kolasi.

Mawu a Chingerezi awalembe ndi dzanja, awawerenge mokweza popanda zida mpaka lilime lizolowere. Nyimbo zina mungathe kung'ung'udza mzere umodzi osagwidwa. Iyi anthu a zaka 50 ndi ana a sukulu omwe amaidziwa mawu ake.

Tizinthu tija timene Jackson amachita, kudidima ngati ntchirintchiri yamugwira, kupuma mokweza, kuthyola zala, ndi mbali ya ng'oma. Timagwa m'mipata pakati pa mabiti. Woimba akangotimwaza paliponse kuti amveke ngati Michael, timasokoneza biti ndipo anthu amayamba kuseka m'malo movina. Asankhe malo atatu kapena anayi, awadziwe, ena onse awasiye. Ngati sizikumukhala, aimbe ndi mawu ake. Nyimboyi imaima bwinobwino popanda zimenezo.

Kiyi ya F# minor ndi yokwera kwa amuna ambiri, makamaka usiku utapita mawu atatopa. Palibe cholakwa kuitsitsira pa E minor. Wa besi asangotsika ma fret awiri, chifukwa adzagwera pa zingwe zosadina zimene zimalira mosalekeza n'kupha timipata ta chete tija. Ayambire pa fret 7 ya chingwe cha A, kaumbidwe komweko pa zingwe za A ndi E, ma fret 7 ndi 5. Wa kiyibodi makodi ake akhala E minor, F# minor, G, F# minor, ndipo noti yosamala nayo tsopano ndi C#.

Mawu oyankha pa chimbale ndi a Jackson yemweyo, atajambulidwa kangapo n'kusanjikizidwa, n'chifukwa chake amayamba ndi kuleka pamodzi ngati munthu mmodzi. Oyankha anu awiri kapena atatu ayeserere pomalizira mawu. Poyambira ambiri amagwirizana, koma wina amakoka mchira wa liwu pamene anzake aleka.

Mukafuna kuijambula, kapena kupanga yanu ya mtundu umenewu

Dongosolo ndi lomwe lija. Jambulani kapena konzani ng'oma poyamba, muikepo besi, muzimvere ziwirizo zokha kwa tsiku lathunthu. Ngati mutu sukugwedezeka, musapitirire, chifukwa strings ndi mawu oyankha sizingadzutse biti yakufa. Mu FL Studio kapena Cubase, mapulogalamu ojambulira nyimbo pa kompyuta, n'kosavuta kujambula bar imodzi ya besi n'kuikopera nyimbo yonse. Ine ndimati imbani yonse ndi manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kusiyana kwakung'ono kwa noti ndi noti ndi kumene kumachititsa kuti chinthu chobwerezedwa maulendo oposa 100 chisatopetse khutu.

Swedien ankajambula mawu a Jackson ndi mayikolofoni ya Shure SM7, ya mtundu wa dynamic, imene siitola kwambiri phokoso la m'chipinda. Izi zikulimbikitseni ngati muli ndi mayikolofoni ya pa siteji yokha. M'chipinda cha njerwa chopanda zotchingira makoma, imeneyo ingakuchitireni bwino kuposa condenser yotchipa imene imatola galu wa aneba ndi minibasi ya pamsewu. Pa kachigawo kena Jackson anaimbira mu chipaipi chachitali cha katoni kuti mawu amveke ngati akuchokera kwina. Ine ndinayesa ndi chija amakulungirapo nsalu, ndinachipempha mu sitolo ina ku Limbe. Woimba mbali imodzi, mayikolofoni mbali inayo. Mawu amatuluka opyapyala, akutali, ndipo mukawaika pambali pa mawu enieni amamveka ngati maganizo a munthuyo akumuyankha. Chigwiritseni pa mzere umodzi basi.

Za kumikisa, Swedien ankafotokoza kuti anamikisa nyimboyi maulendo 91. Atafika kumeneko Quincy Jones anati abwerere akamvere zoyambirira, ndipo imene inapita pa chimbale ndi yachiwiri. Choncho mikisi iliyonse muziisunga ndi nambala yake, osafufuta yakale. Mukamikisa kwa maola atatu makutu amatopa ndipo mumayamba kukweza chilichonse. Gonani, m'mawa mumvere yoyamba ndi yomaliza motsatizana. Kick, snare, besi ndi mawu otsogolera zikhale pakati, zina zipite m'mbali. Kenako itengeni pa foni, pa kawailesi ka kukhitchini, ndipo ngati muli ndi mnzanu woyendetsa minibasi mupempheni aiike kamodzi. Besi ikasowa pa kasipika kakang'ono, musaikweze. Wonjezerani pang'ono mawu ake apakati kuti manoti azimveka ngakhale pamene kugunda kwapansi kulibe.

Ngati mukupeka yanu, musatenge manoti a besi iyi, imeneyo ili ndi mwini wake. Tengani kamangidwe: bar imodzi ya besi yoti munthu angaiimbe ndi pakamwa, ng'oma zosasuntha, zida zolowa chimodzichimodzi, kagawo kamodzi kochoka panjira kolasi isanafike.

Pomalizira pake pa siteji

Pa chimbale nyimboyi imangozilala pang'onopang'ono, zimene bandi singachite pamaso pa anthu. Muyenera kupangana mathero. Pa 25 Malichi 1983, pa chikondwerero cha zaka 25 za kampani yojambula nyimbo ya Motown ku Pasadena, chimene chinaonetsedwa pa wailesi yakanema ya NBC pa 16 Meyi, Jackson anavina moonwalk, gule wotsetsereka chammbuyo, pa nthawi ya solo ya gitala ija, ndipo m'makonsati a pambuyo pake ankatalikitsa mapeto n'kumavina ndi ng'oma zokha. Zimenezi zimatipatsa njira yabwino. Ngati woimba wanu amavina, malo ake ndi pa solo, ndipo muchotseretu zingwe za magetsi pansi kumbuyo kwake chifukwa akubwerera chammbuyo osaona.

Ife timamaliza chonchi. Kolasi yomaliza ikatha, oyankha amaleka, kenako gitala, kenako kiyibodi, ma bar anayi anayi, motsatana mobwerera mmene zinalowera. Zimatsala besi ndi ng'oma kwa ma bar 8. Kenako ine ndimachotsa manja, n'kutsala mnyamata uja ndi kick, snare ndi hi-hat. Pamenepo pa ukwati ndi pomwe wina amakankhidwira pakati pa bwalo, kawirikawiri amalume a mkwati atavula jekete, anthu n'kumuzungulira akuomba m'manja pa 2 ndi pa 4. Musawadule msanga, ndipo wa ng'oma asatengeke ndi phokosolo n'kuyamba kuthamanga. Woimba akaona kuti zakwana amakweza dzanja pa 1, timawerenga bar imeneyo mpaka 4, ndipo tonse timagunda F# minor kamodzi pa 1 yotsatira, waufupi, wa ng'oma atagwira chimbale ndi dzanja kuti chisalire.